Mbaula, sola ndi makina a pa Wovwe: mmene zipangizo ndi kapangidwe zimakhudzira ntchito za mphamvu ku Sangilo

Sangilo ndi dera la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kummwera kwa boma la Karonga, pa msewu wa M1 pakati pa Chilumba ndi Chitimba. Kumadzulo kwake kuli mapiri a Nyika komwe kumachokera mitsinje yothamanga, pomwe kummawa kuli nyanja. Anthu ambiri a m'derali amadalira usodzi komanso ulimi wa chinangwa ndi mpunga, ndipo monga mmene zilili m'madera ambiri a kumidzi m'dziko muno, amaphikira nkhuni.

M'madera ozungulira Sangilo mwayesedwa njira zitatu zopezera mphamvu, zomwe ndi mbaula zamakono, magetsi a dzuwa, ndi magetsi opukusidwa ndi madzi a mtsinje wa Wovwe. Njira zonsezi zaonetsa kuti chipangizo chimagwira bwino ntchito kapena kulephera malinga ndi zinthu zomwe anachipangira, mmene anachikonzera, komanso ngati chikugwirizana ndi malo ndi anthu ochigwiritsa ntchito. Nkhaniyi ndi yofunika kwa ogwira ntchito m'boma ndi m'makhonsolo, poti ndiwo amasankha zipangizo zomwe zimagulidwa ndi ndalama za misonkho kapena za thandizo.

Vuto la kuphikira pa mafuwa

Malinga ndi kalembera wa m'chaka cha 2018, mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ambiri mwa ophikira nkhuni amagwiritsa ntchito mafuwa atatu. Pa mafuwa, moto umabalalika mbali zonse ndipo mphepo imautenga, kotero kuti kawirikawiri ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a kutentha kwa nkhuni, kapena kuposera pang'ono, lomwe limalowa mumphika. Kutentha kwina konse kumathera m'mafuwa, m'nthaka ndi mumlengalenga.

Vuto lachiwiri ndi utsi. Nkhuni zikamayaka pamalo ozizira kapena posowa mpweya wokwanira, sizipsa mokwanira, ndipo zimatulutsa mwaye, tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timalowa mpaka m'mapapo, komanso mpweya woipa wa carbon monoxide. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira padziko lapansi kaamba ka mpweya woipa wa m'nyumba.

Pofuna kuthana ndi mavuto awiriwa, m'chaka cha 2013 boma la Malawi linalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mudzakhala mutafalitsidwa mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo chiwerengerochi chinakwana m'chaka cha 2020. Ndondomeko ya boma yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027 ndi ndondomeko ya za mphamvu ya 2018 nazonso zimalimbikitsa kaphikidwe kosaononga mitengo.

Dothi, chitsulo ndi phulusa

Mbaula iliyonse ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kupsereza nkhuni mokwanira kuti utsi uchepe. Yachiwiri ndi kupititsa kutenthako mumphika. Zipangizo zomwe mbaula yapangidwa nazo zimakhudza ntchito zonse ziwiri.

Zinthu zolemera ndi zothinana monga mwala, simenti ndi dothi losakaniza ndi mchenga zimamwa kutentha kwambiri zisanayambe kutentha zokha. Izi zinaonekera bwino pa mbaula yotchedwa Lorena, yomwe inafala m'dziko la Guatemala m'zaka za m'ma 1970. Mbaulayi inali chimulu chachikulu cha matope ndi mchenga, ndipo oimanga ankaganiza kuti makoma ochindikala amasunga moto. Atayesa bwino, akatswiri anapeza kuti makomawo ankalanda kutentha komwe kukanalowa mumphika, makamaka pophika chakudya chosachedwa kupsa.

Zinthu zopepuka zomwe zili ndi timipata ta mpweya mkati mwake ndizo zimatchinga kutentha. Phulusa louma ndi chimodzi mwa zinthu zotere. Chinanso ndi njerwa zoumbidwa ndi dothi losakaniza ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga, poti powotcha njerwazo utuchi umapsa n'kusiya timabowo tambirimbiri. Ku Karonga mankhusu a mpunga ndi osasowa chifukwa cha masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Komabe njerwa zopepukazi sizichedwa kuphwanyika, choncho woumba ayenera kusamala mlingo wa utuchi kuti mbaula itchinge kutentha koma ikhalebe yolimba.

Chitsulo chopyapyala chimatentha msanga ndipo sichimwa kutentha kwambiri, koma chimataya kutenthako kunja ngati sichinakutidwe ndi chotchinga. Chitsulo wamba chikamakhudzana ndi moto tsiku ndi tsiku chimachita dzimbiri n'kubooka. N'chifukwa chake mbaula zambiri za makala zimakhala ndi chitsulo kunja ndi dothi lowotcha mkati.

Mfundo zambiri zomwe opanga mbaula amatsata masiku ano zinachokera kwa Dr. Larry Winiarski wa ku Aprovecho Research Center m'dziko la America, yemwe anayambitsa mbaula ya mtundu wa rocket m'zaka za m'ma 1980. Mwa zina, mfundozi zimati malo oyakira moto akhale otchingidwa ndi zinthu zopepuka, pakhale kanjira kakafupi kokweza malawi kuti utsi upse usanafike pamphika, mpweya uzilowa pansi pa nkhuni, ndipo nkhuni ziziyaka kunsonga kokha. Zimatinso mpweya wotentha uzidutsa mokhula mphika kudzera pa mpata wopapatiza wa pafupifupi sentimita imodzi. Mpata ukakula kwambiri, kutentha kumadutsa patali ndi mphika. Ukachepa kwambiri, moto umatsamwa ndipo utsi umabwerera kukhomo la mbaula.

Nkhuni nazonso ndi mbali ya nkhaniyi. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo moto umayamba waumitsa madziwo usanaphike kanthu. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zaziwisi imapereka pafupifupi theka la kutentha komwe kilogalamu ya nkhuni zouma imapereka. Mbaula yabwino yosonkhezeredwa ndi nkhuni zaziwisi imafuka ngati mafuwa.

Mbaula zopangidwa m'dziko muno

Chitetezo Mbaula ndi mbaula ya dothi lowotcha yomwe yafala kwambiri m'dziko muno. Ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timabowo tolowera mpweya, ndi timitu pamwamba pokhazika mphika. Ubwino wake ndi wakuti imaumbidwa ndi dothi la mtapo lopezeka m'midzi, ndi yotsika mtengo, imanyamulika, ndipo imalandira nkhuni, zitsononkho ndi mapesi.

Kulimba kwake kumadalira kakonzedwe ka dothi. Oumba odziwa ntchito amakumba dothi n'kulivundikira kwa milungu ingapo, amachotsa timiyala ndi mizu, amaliponda mpaka lifewe, kenako amaumba pogwiritsa ntchito chikombole kuti mbaula zonse zikhale za muyezo umodzi. Mbaula zimaumitsidwa pang'onopang'ono pamthunzi zisanalowe mu uvuni. Mbaula youmitsidwa mofulumira padzuwa, kapena yowotchedwa isanaume, imang'aluka. Timitu tokhazikapo mphika tikatalika kapena kufupika mosayenera, mpata wodutsa moto umasintha ndipo nkhuni zimatha msanga.

M'boma la Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa linafalitsa mbaula ina yotchedwa Changu Changu Moto, yomwe imamangidwa m'khitchini ndi zidina ndi matope ndipo imaphikira miphika iwiri. Mbaulayi siifuna ndalama zambiri ndipo mwini wake amatha kuimata yekha ikang'aluka, koma siisuntha, ndipo imafuna khitchini yosadontha chifukwa zidina zimasungunuka ndi mvula.

Kafukufuku wa ku Chilumba

Kafukufuku wina wamkulu kwambiri padziko lapansi wokhudza mbaula ndi umoyo wa ana anachitikira kufupi ndi Sangilo. Ku Chilumba kuli likulu la ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo yomwe inayamba m'chaka cha 1979 poyang'ana matenda a khate, yomwe inadziwika ndi dzina loti Karonga Prevention Study ndipo pano ili pansi pa bungwe la MEIRU. Kuyambira m'chaka cha 2013 mpaka 2016, akatswiri motsogozedwa ndi sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine anachita kafukufuku wotchedwa Cooking and Pneumonia Study m'midzi ya dera la Chilumba ndi m'boma la Chikwawa.

Kafukufukuyu anakhudza ana 10,750 a m'mabanja 8,626, omwe anagawidwa m'magulu 150 a midzi. Magulu ena anapitiriza kuphikira pa mafuwa, pomwe ena analandira mbaula za Philips. Banja lililonse la m'magulu olandirawa linapatsidwa mbaula ziwiri ndi panelo la sola. Mbaula ya Philips ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri, mkati mwake muli timatailosi topirira moto, ndipo pansi pake pali fani yoyendera batire yomwe imakankhira mpweya m'moto. Poyesedwa m'malabotale, mbaulayi inali m'gulu la mbaula za nkhuni zotulutsa utsi wochepetsetsa.

Zotsatira zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2017, ndipo zinaonetsa kuti matenda a chibayo sanachepe pakati pa ana osakwana zaka zisanu. Pa ana 100 aliwonse pachaka, chibayo chinapezeka ka 15.76 m'mabanja olandira mbaula ndi ka 15.58 m'mabanja ophikira pa mafuwa, kusonyeza kuti panalibe kusiyana kwenikweni. Chomwe chinachepa ndi ngozi zing'onozing'ono za ana kupsa ndi moto.

Zifukwa zingapo zinaonekera. Mbaulazi, mabatire ndi mapanelo zinkaonongeka kawirikawiri ndipo zinkafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa. Mabanja ambiri ankagwiritsabe ntchito mafuwa pambali pa mbaula zatsopanozo. Kuwonjezera apo, ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zowotchedwa ndi wa m'makhitchini a anansi.

Kapangidwe ka mbaula kali ndi gawo lake pa nkhani yobwerera ku mafuwa. Mbaula yolowetsera nkhuni pamwamba imafuna kuti nkhuni ziwazidwe tizidutswa tifupitifupi, ntchito yomwe imadya nthawi ya mayi. Nyemba zimafuna moto wa maola angapo, ndipo pa mafuwa chikuni chimodzi chachitali chimatha kuyaka nthawi yonseyo popanda wokhala pafupi. Kondowole, yemwe ndi chakudya chodalirika m'mphepete mwa nyanja kumpoto, amafuna kuvundula mwamphamvu, choncho mphika uyenera kukhazikika pamalo otsika ndi osagwedera. Mbaula yomwe yapambana mu labotale powiritsa madzi ikhoza kulephera pa ntchito zoterezi.

M'chaka cha 2018 bungwe la miyezo padziko lonse la ISO linatulutsa muyezo wa ISO 19867 woyesera mbaula. Muyezowu umaika mbaula m'magawo kuyambira 0 mpaka 5 poyang'ana kasungidwe ka nkhuni, utsi, mpweya wa carbon monoxide, chitetezo cha wophika ndi kulimba kwa mbaula. Mbaula ikhoza kukhala pamwamba pa mbali imodzi koma pansi pa mbali ina. Mbaula za dothi zimasunga nkhuni, koma sizichepetsa utsi kufika pa mlingo womwe WHO inaika m'malangizo ake a m'chaka cha 2014.

Magetsi a dzuwa m'dera lotentha

Madera a m'mphepete mwa nyanja ali ndi dzuwa lambiri, koma kutentha kwake kumakhudza zipangizo za sola. Mphamvu yolembedwa pa panelo imayesedwa panelolo lili pa madigiri 25. Mapanelo ambiri amataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yawo pa digiri iliyonse yowonjezera. M'miyezi ya October ndi November, panelo logonekedwa pamalata likhoza kufika madigiri 60, ndipo pamenepo limakhala litataya pafupifupi 14 peresenti. Kusiya mpata pakati pa panelo ndi denga kuti mphepo izidutsa kumachepetsa vutoli popanda ndalama zambiri.

Popeza Sangilo ili pafupifupi madigiri 10 kummwera kwa equator, mapanelo amayenera kuyang'ana kumpoto ndi kupendekeka pang'ono, madigiri 10 mpaka 15, kuti madzi a mvula azitsuka fumbi. Mthunzi wa nthambi pa kagawo kochepa ka panelo umachepetsa mphamvu ya panelo lonse, chifukwa timagawo take timalumikizana mondondozana.

Batire ndiyo imayamba kufa pa zipangizo zambiri za sola. Mabatire a mtovu ndi asidi amakhalitsa akamasungidwa pamalo ozizirirapo, ndipo moyo wawo umadulidwa pafupifupi ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kuposa 25. Amaonongekanso msanga akamatsitsidwa kupitirira theka la moto wawo usiku uliwonse. Batire ya galimoto inapangidwira kulizira injini kwa kanthawi kochepa, ndipo siipirira ntchito yoyatsa nyumba usiku wonse. Mabatire a lithium iron phosphate ndi okwera mtengo pogula koma amapirira kutsitsidwa kwambiri ndipo amatha zaka zochuluka. Choncho chipatala kapena sukulu yomwe yagula batire yotsika mtengo ikhoza kulipira kawiri kapena katatu pa zaka zomwe batire imodzi yabwino ikanagwira ntchito.

Waya nayenso ndi wofunika. Pa magetsi a mavoti 12, waya woonda kapena wautali amataya mphamvu yambiri panjira, ndipo polumikizira pamachita dzimbiri msanga m'malo a chinyezi ngati kunyanja.

Makina a pa Wovwe

Kumpoto chakumadzulo kwa Sangilo kuli malo opukusira magetsi a Wovwe, omwe anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1995. Malowa ali ndi makina atatu ndipo onse pamodzi amatha kupukusa mamegawati 4.35. Poyamba ankayendetsedwa ndi ESCOM, koma kuyambira m'chaka cha 2017 ali m'manja mwa kampani ya EGENCO. Mwa malo onse a EGENCO opukusira magetsi ndi madzi, ndi Wovwe yokha yomwe siili pa mtsinje wa Shire. Luso logwiritsa ntchito madzi otsika m'mapiriwa si lachilendo, poti mishoni ya Livingstonia, yomwe ili pamwamba pa Chitimba, inali ndi magetsi a madzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'nthawi ya Dr. Robert Laws.

Mphamvu ya madzi imadalira zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pomwe akugwera. Malita 1,000 a madzi pa sekondi iliyonse, akamagwa mamita 100, amakhala ndi mphamvu ya makilowati pafupifupi 980, ngakhale makina satha kuikolola yonse. Kuti mphamvu yomweyo ipezeke pamalo pomwe madzi akugwa mamita 10 okha, pamafunika malita 10,000 pa sekondi. Ichi ndicho chimachititsa kuti mtsinje waung'ono wotsika kuchokera ku Nyika ukhale waphindu.

Kusiyana kumeneku ndiko kumasankha mtundu wa makina. Pomwe madzi ndi ochepa koma akugwera patali, pamayenera makina a mtundu wa Pelton, omwe ndi gudumu la timakapu tolasidwa ndi madzi othamanga kwambiri. Pomwe madzi ndi ambiri koma kutalika n'kocheperapo, monga pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamagwiritsidwa ntchito makina a mtundu wa Francis. Makina oikidwa pamalo osayenera mtundu wake amapukusa magetsi ochepa ngakhale atakhala atsopano.

Paipi yotsitsira madzi ku makina nayo imafuna kuwerengera bwino. Madzi akamadutsa m'paipi amakhulana ndi makoma ake n'kutaya mphamvu. Kukula kwa paipi kukachepetsedwa ndi theka pomwe madzi ndi omwewo, mphamvu yotayikayo imachuluka pafupifupi ka 30. Paipi yaing'ono imapulumutsa ndalama tsiku logula, koma imadya magetsi kwa zaka zonse zomwe makinawo adzagwire ntchito. Kumunsi, komwe madzi amakankha mwamphamvu, paipi imayenera kukhala ya chitsulo chochindikala.

Mdani wamkulu wa makina otere ndi mchenga. Madzi othamanga okhala ndi mchenga amapala chitsulo pang'onopang'ono, timakapu timasintha maonekedwe, ndipo magetsi amachepa. Pofuna kupewa izi, omanga amaika maiwe odikhitsira mchenga madzi asanalowe m'paipi, ndipo magudumu amapangidwa ndi chitsulo cholimba chosakaniza ndi chromium ndi nickel. Komabe mchenga umayambira kumtunda, komwe mitengo ikadulidwa nthaka imakokoloka n'kulowa mumtsinje. Apa ndi pomwe nkhani ya mbaula imakumana ndi ya magetsi, poti nkhuni zomwe zapulumuka m'khitchini ndi mitengo yomwe yatsala m'mphepete mwa mitsinje.

Kufunika kwa malo opukusira magetsi kunja kwa Shire kunaoneka mu January 2022, pomwe namondwe Ana anaononga damu la Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka ntchito yokonza itatha m'chaka cha 2023.

Zoyenera kuyang'ana pogula zipangizo

Kuchokera pa zomwe zaoneka m'dera la Sangilo ndi madera oyandikana nalo, pali mfundo zingapo zomwe makomiti ogula katundu m'maunduna, m'makhonsolo ndi m'mabungwe angatsate.

Choyamba ndi kudziwa cholinga chenicheni cha ntchito. Ngati cholinga ndi kupulumutsa mitengo ndi nthawi ya amayi yokatola nkhuni, mbaula ya dothi youmbidwa bwino ndi yokwanira. Ngati cholinga ndi kuteteza mapapo a ana, pamafunika njira zotulutsa utsi wochepa kwambiri monga gasi kapena magetsi, pamodzi ndi makhitchini olowa mphepo ndi kuchepetsa utsi wa m'mudzi wonse.

Chachiwiri ndi kufunsa zotsatira za mayeso a mitundu iwiri, a mu labotale ndi a m'makhitchini enieni, pophika zakudya zomwe anthu a deralo amadya. Zipangizo ziyeneranso kukwaniritsa miyezo ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo oika magetsi a sola akhale ovomerezeka ndi bungwe la MERA.

Chachitatu ndi kuwerengera mtengo wa chipangizo pa moyo wake wonse, kuphatikizapo mabatire osintha, zokonzera ndi malipiro a amisiri, osangoyang'ana mtengo wa tsiku logula.

Chachinayi ndi kufunsa yemwe adzakonze chipangizocho chikaonongeka. Mbaula ya dothi ikasweka, gulu la oumba la m'dera lomwelo limaumba ina. Fani kapena batire yochokera kunja ikafa, banja limabwerera ku mafuwa kufikira chosinthira chitapezeka. Pangano lililonse logulira zipangizo zotere liyenera kutchula komwe zosinthira zidzapezeke, amisiri omwe adzaphunzitsidwe m'deralo, ndi zaka zomwe wogulitsa adzakhale ndi udindo wokonza.